Kudikira ufumu zaka 34 n'kuchotsedwa kutatsala masabata awiri: kodi Mfumu Hussein inamulakwira mng'ono wake?

NaMbewe analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi, yandisowetsa tulo. Dzulo usiku ndinaonera pa YouTube kanema wakale wa maliro a Mfumu Hussein ya ku Jordan, a mu Febuluwale 1999. Atsogoleri a mayiko anali mbwee, koma maso anga anakakamira pa bambo wina wamfupi, wojintcha, wa ndevu zapamlomo, amene anaima pafupi ndi mfumu yatsopano nkhope ili ndwii. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi Hassan, mng'ono wa malemuwo. Munthuyu anasankhidwa kukhala wodzalowa ufumu mu 1965, ndipo anadikira mpaka Januwale 1999. Kutangotsala masabata awiri kuti mkulu wake amwalire, anamuchotsa n'kuikapo mwana wa mfumuyo, Abdullah.

Ndisabise, zandikhudza chifukwa ndinadutsamo m'zofananako, ngakhale zanga n'zazing'ono. Ndinayendetsa bizinesi ya achimwene anga zaka 11 iwo ali kunja. Ndinkadzuka mbandakucha, ngongole zawo ndinabweza ndine, antchito ankadziwa ine. Atadwala, anandiimbira foni yosakwana mphindi zisanu kundiuza kuti makiyi ndipereke kwa mwana wawo amene anali atangomaliza sukulu. Makiyiwo ndinapereka, koma mpaka lero ndikadutsa pakhomo paja pamtima pamatentha.

Ndiye funso langa ndi ili: ngati Hussein anali ndi ana aamuna, anamusankhiranji mng'ono wake poyamba? Malamulo a kwawoko ankamulola kusintha maganizo chonchi? Ndipo kunena zoona, sanamulakwire munthuyu?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Mayi NaMbewe, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Nkhani ya Hussein ndinaitsatira ikuchitika, nthawi imeneyo ndikuphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Ndimakumbukira Lamlungu la pa 7 Febuluwale 1999. Ndinali kuchonga makope a ana, wailesi ndaikhazika pawindo chifukwa ndi pokhapo pamene shotiwevu inkagwira, mawu akubwera n'kumazilala. Atalengeza kuti mfumu ya ku Jordan yatisiya ili ndi zaka 63, ndinaika cholembera pansi. Munthu ameneyu dzina lake ndinayamba kulimva ndili mwana wapulayimale, ndipo ndinkangoona ngati adzakhalapo mpaka kalekale.

Kuti funso lanu liyankhike, tisayambire 1999. Tiyambire pakhomo la mzikiti wa Al-Aqsa ku Jerusalem, Lachisanu pa 20 Julayi 1951. Mfumu Abdullah yoyamba, amene anayambitsa ufumu wa Jordan, inkalowa kukapemphera pamodzi ndi mdzukulu wake wa zaka 15. Munthu wina anatulukira n'kuiombera, inafera pomwepo mdzukuluyo akuona. Mdzukuluyo ndiye Hussein. Iye mwini ankasimba kuti chipolopolo china chinamenya mendulo imene anavala pachifuwa tsiku limenelo, n'kupulumukira pamenepo. Bambo ake, a Talal, analowa ufumu, koma ankavutika ndi matenda a maganizo, moti pa 11 Ogasiti 1952 nyumba ya malamulo inawatsitsa pampando. Hussein anakhala mfumu ali ndi zaka 16. Akuluakulu anamugwirizira mpandowo kufikira pa 2 Meyi 1953, pamene anakwanitsa zaka 18 powerengera kalendala ya Chisilamu yotsata mwezi.

Tsono taonani zimene mnyamatayu anakumana nazo asanafike n'komwe zaka 30. Mu Malichi 1956 anachotsa ntchito Mngelezi Glubb Pasha, amene ankalamulira asilikali a dzikolo. Mu Epulo 1957 kunali chipwirikiti pakati pa asilikali mumzinda wa Zarqa, mphekesera zili ponseponse kuti akufuna kulanda boma, ndipo Hussein anakwera galimoto kupita komweko kukaonekera pamaso pawo. Pa 14 Julayi 1958 msuweni wake, Mfumu Faisal yachiwiri ya ku Iraq, amene anaphunzira naye kusukulu ya Harrow ku England, anaphedwa ku Baghdad pamodzi ndi abale ake, ufumu wa kumeneko n'kutheratu tsiku limodzi. Mu Novembala chaka chomwecho ndege zankhondo za Syria zinathamangitsa ndege yake mumlengalenga. Pa 29 Ogasiti 1960 bomba linaphulika mu ofesi ya nduna yake yaikulu, Hazza al-Majali, n'kuipha. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya zimenezi zinali za imfa.

Munthu wotere akamagona sadziwa ngati kuche ali moyo. Mwana wake wamwamuna woyamba, Abdullah, anabadwa pa 30 Januwale 1962, ndipo poyamba ndiye anali wodzalowa ufumu, chifukwa malamulo oyendetsera dziko a 1952 amati mpando umapita kwa mwana wamwamuna wamkulu. Koma mu 1965 mwanayo anali ndi zaka zitatu zokha. Hussein akanaphedwa nthawi imeneyo, dziko likanakhala m'manja mwa ogwirizira zaka zoposa khumi, mayiko oyandikana nawo ali tcheru kudikira kuti ligwe. Choncho anasinthitsa malamulowo kuti mfumu izitha kusankha mmodzi mwa abale ake obadwa nawo, ndipo mu Epulo 1965 anasankha Hassan, wa zaka 18, kudumpha m'bale wawo wapakati, Muhammad. Apa ndiye pagona yankho la mafunso anu awiri oyamba. Lamulo linkamulola kusankha m'bale wake, koma silinkamukakamiza. Atangochotsa Hassan, mpando unabwerera kumene lamulo linauika pachiyambi, kwa mwana wamwamuna wamkulu.

Ine ndimaona kuti Hassan sanapatsidwe ufumu, anapatsidwa ulonda. Vuto ndi loti ulondawo unatalika. Zaka zinapita, ana anakula, Hussein osafa. Hassan, munthu wophunzira ku Oxford, wokonda mabuku, anagwira ntchito za chuma ndi chitukuko, ankatsala ndi dziko mkulu wake akachoka, mpaka aliyense, ngakhale iye mwini, anazolowera kuti mfumu yamawa ndi iyeyo. Nayenso anakwatira Sarvath, n'kubereka mwana wamwamuna, Rashid, mu 1979. Apa ndiye panali mfundo yovuta kumasula. Hassan akanalowa ufumu, lamulo lomwe lija likanapereka mpando kwa Rashid, ana a Hussein n'kutsala panja mpaka muyaya.

Mu Julayi 1998 Hussein anapezeka ndi khansa ndipo anakagonekedwa ku Mayo Clinic, m'chigawo cha Minnesota ku America. Anakhala kunja pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, Hassan akuyendetsa dziko. Mu Okutobala anadzuka pabedi, tsitsi litathothoka ndi mankhwala, kupita ku Wye River, ku America komweko, kukalimbikitsa Netanyahu, nduna yaikulu ya Israel, ndi Arafat, mtsogoleri wa Apalestina, kuti agwirizane. Pa 19 Januwale 1999 anabwerera ku Amman, likulu la Jordan, akuoneka ngati wachira. Kunali mvula ndi chisanu, koma anaimirira m'galimoto yotsekula pamwamba kubayibitsa anthu amene anadzaza m'misewu. Sabata isanathe anali atasintha wodzalowa ufumu, ndipo pa 26 Januwale anakweranso ndege kubwerera kuchipatala. Anabwera naye kwawo pa 5 Febuluwale ali chikomokere.

Tsopano funso lanu lachitatu, lija lakusowetsani tulo. Pa chisankho chenichenicho, ine sindimuweruza Hussein. Koma pa kachitidwe kake, inde, anamulakwira mng'ono wake. Analemba kalata yaitali yopita kwa Hassan, ndipo kalatayo inaulutsidwa dziko lonse likumva. M'menemo anamuthokoza, komanso anadandaula kuti iye ali m'chipatala panali kulowerera pa nkhani za akuluakulu a asilikali, kuti mkazi wake ndi ana ake ankanenedwa miseche, ndiponso kuti awiriwa sanamvane za amene adzalowe pambuyo pa Hassan. Zimenezi ndi zokambirana kuchipinda, abale awiri atatseka chitseko. Munthu wakutumikira zaka pafupifupi 34 sumuvula pabwalo, makamaka iwe ukudziwa kuti ukupita ndipo sadzapezanso mpata wokuyankha. Ndipo cholakwa chachikulu chinachitika kale, zaka zonse zimene anangokhala chete. Abdullah anakula kalekale. Anakwatira Rania mu 1993, anali mkulu wa gulu lapadera la asilikali. Hussein anachitidwa opaleshoni yochotsa impso chifukwa cha khansa mu 1992. Nthawi yoti akhale pansi ndi mng'ono wake inalipo yambiri.

Chatsalira anayankha:

Aphunzitsi, mwafotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma mundilole nditsutseko pang'ono. Mwaitenga nkhaniyi ngati ya m'banja, ya abale awiri ndi ana awo. Ine ndikuona kuti inali nkhani ya asilikali.

Mpando wa ku Jordan waima pa asilikali ndi mafuko a kum'mawa kwa mtsinje wa Jordan, kumene asilikali ambiri amachokera. Ndi iwowa anapulumutsa Hussein mu Seputembala 1970, pamene anamenyana ndi magulu ankhondo a Apalestina m'misewu ya Amman. Anthu zikwizikwi anafa, ambiri mwa iwo anthu wamba, ndipo pofika 1971 PLO, bungwe la Apalestina lotsogozedwa ndi Arafat, inali itathamangitsidwa kupita ku Lebanon. Zimenezi tisamazidumphe tikamamutamanda. Tisaiwalenso kuti pa 30 Meyi 1967 anapita iye mwini ku Cairo kukasaina pangano lothandizana pa nkhondo ndi Nasser, mtsogoleri wa Egypt, n'kupereka asilikali ake m'manja mwa mkulu wa asilikali wa ku Egypt. Patangopita masiku ochepa, pa nkhondo ndi Israel, anataya dera lonse la West Bank, kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan, pamodzi ndi kum'mawa kwa Jerusalem, mzikiti uja anaferapo agogo ake n'kukhala m'manja mwa Israel. Zipani zandale anaziletsa mu 1957, ndipo zinaloledwanso mu 1992. Chisankho cha aphungu cha mu Novembala 1989 chinabwera anthu atachita ziwawa mumzinda wa Ma'an mu Epulo chifukwa cha kukwera kwa mitengo ya zinthu. Sanachipereke mwa kufuna kwake ayi.

Mfumu yotere imadziwa amene anaisunga pampando. Hassan anali munthu wa mabuku ndi misonkhano. Abdullah anali msilikali, wophunzira kusukulu ya usilikali ya Sandhurst ku England ngati bambo ake, wogona m'matenti ndi anyamata a mafuko aja. Mkazi wake ndi wochokera m'banja la Apalestina, m'dziko limene anthu ochuluka zedi ali ndi mizu ku Palestine. Abdullah ankanenedwa kuti Chingelezi chake chinkaposa Chiarabu, popeza mayi ake ndi Mngelezi ndipo anaphunzira kunja, koma chilankhulo chimaphunzirika.

Ndiye Mayi NaMbewe, ngati mukufuna munthu womumvera chisoni, aliponso wina. Hamzah, mwana woyamba wa Mfumukazi Noor (mkazi womaliza wa Hussein), wobadwa mu 1980, anali mwana wapamtima wa Hussein. Bambo ake akumwalira anali ndi zaka 18 zokha. Tsiku lomwelo Abdullah anamutchula kuti ndiye wodzalowa ufumu, potsata khumbo la malemu. Pa 28 Novembala 2004 anamuchotsa, nayenso kudzera m'kalata yowerengedwa pa wailesi yakanema, ndipo mu Julayi 2009 anaika mwana wake, Hussein wamng'ono. Zimene bambo anachitira Hassan, mwana anachitira Hamzah. Ndipo anthu a ku Jordan, eni dzikolo, palibe anawafunsa ulendo uliwonse.

Mwana wa Shehe anayankha:

Zikomo nonse. Langa ndi lalifupi. Banja limeneli, la Hashim, limawerenga mzere wake kuchokera kwa Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, kudzera mwa mwana wake Fatima. Mpaka lero mfumu ya Jordan ndiyo imayang'anira malo opatulika a Chisilamu ku Jerusalem, ndipo pangano la mtendere ndi Israel la pa 26 Okutobala 1994 linavomereza udindo umenewu. Choncho mpandowu kwa iwo si wa boma lokha.

Mayi, kanema munaonerayo muonerenso, koma muyang'ane kumapeto. Kunabwera Clinton, mtsogoleri wa America panthawiyo, ndi atsogoleri atatu akale a America, Ford, Carter ndi Bush. Kunabwera Yeltsin wa ku Russia akudwala. Kunabwera Hafez al-Assad wa ku Syria ndi Netanyahu wa ku Israel, adani amene sankakhala pansi pa denga limodzi. Hatchi yoyera ya mfumu inkayenda m'mbuyo yopanda wokwera. Koma pofika kumanda achifumu a ku Raghadan, ku Amman, mfumu ya zaka 46 pampando inatsitsidwa itakulungidwa m'nsalu yoyera basi, nkhope kuloza ku Mecca, monga Msilamu wina aliyense. Hassan anali pomwepo, ndipo sanadzutse phokoso. Munthu amene anali atagwira dziko miyezi isanu ndi umodzi, akanafuna kuvuta akanavuta. Ine ndimamulemekeza chifukwa cha kupirira kumeneko.

NaMbewe anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti mundiyankha mozama chonchi. Aphunzitsi, mawu anu oti anapatsidwa ulonda osati ufumu ndawawerenga katatu. Akundipweteka chifukwa ndikudziwa kuti ndi oona, kwa Hassan ngakhalenso kwa ine. Achimwene sanandiuzepo kuti bizinesi ija idzakhala yanga. Koma sanandiuzenso kuti sidzakhala yanga, ndipo ankaona ndi maso awo kuti ndaikapo moyo wanga wonse.

Bambo Chatsalira, za Hamzah sindinkazidziwa. Koma iye anadikira zaka zisanu ali mnyamata, pamene Hassan anachotsedwa ali ndi zaka 51, unyamata wonse utathera pakhomo la mpando. Sindikuona kuti n'zofanana. Kodi Hassan zinamuthera bwanji? Anachoka m'dzikomo?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Bambo Chatsalira, za asilikali mwalasa, ndipo za 1970 sindikanani nanu. Magazi aja ali pa mbiri yake ndipo sadzafufutika. Chimene chimandivuta ndi choti munthu yemweyo ndi amene mu Malichi 1997, msilikali wa Jordan ataombera n'kupha atsikana asukulu asanu ndi awiri a ku Israel pamalire, anapita ku Beit Shemesh, kwawo kwa atsikanawo, kulowa nyumba ndi nyumba za ofedwa. Makolo anali atakhala pansi monga mwa mwambo wawo wa maliro, ndipo mfumu inagwada patsogolo pawo kupepesa. Chithunzi chimenecho ndinachidula m'nyuzipepala, ndinkachisunga m'buku langa lokonzera maphunziro mpaka chinachita chikasu. Anthu ambiri kwawo sanakondwere nazo. Miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, akazitape a Israel atathira poizoni Khaled Mashal wa gulu la Apalestina la Hamas mumsewu wa Amman, mfumu yomweyo inaumirira Netanyahu mpaka mankhwala opha poizoniyo anabwera, ndipo Sheikh Ahmed Yassin, amene anayambitsa Hamas, anatulutsidwa m'ndende ya ku Israel. Munthu wodziwa kugwada pamaso pa alendo, wodziwanso kuuma pamaso pa amphamvu, analephera kukhala pansi ndi mwana wa mayi ake n'kumuuza zoona nthawi ikadalipo. Ichi ndicho sindimachimvetsa mwa Hussein, ndipo ndimamukonda munthuyo.

Mayi NaMbewe, Hassan sanachoke. Anakhalabe ku Amman, n'kumagwira ntchito za maphunziro, sayansi ndi zokambirana pakati pa zipembedzo, zimene ankazikonda kuyambira kale. Za mumtima mwake adziwa yekha ndi Mulungu, koma pagulu anaima kumbuyo kwa mwana wa mkulu wake.

Ndipo nkhani yake inadzatulukiranso pamalo oti simungaganize. Kumayambiriro kwa Epulo 2021, mkulu wa asilikali anapita kunyumba kwa Hamzah kukamuuza kuti asiye kuyendayenda ndi kukumana ndi anthu. Boma linati panali chiwembu chosokoneza dziko. Hamzah anatulutsa kanema wokana mlanduwo, akudzudzula katangale ndi kayendetsedwe ka boma. Anthu angapo anamangidwa, ndipo awiri, Bassem Awadallah, mkulu wakale wa ofesi ya mfumu, ndi Sharif Hassan bin Zaid, wachibale wina wa banja lachifumu, anadzalamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Mfumu Abdullah itafuna munthu woti alowe pakati pa iyo ndi mng'ono wake, inatuma Hassan, ali ndi zaka 74. Mtendere umene Hassan anabweretsa sunakhalitse, chifukwa mu Epulo 2022 Hamzah analengeza kuti wasiya dzina laulemu la ukalonga, ndipo mwezi wotsatira mfumu inamuikira malire pa mayendedwe ndi anthu olankhula nawo. Koma pa 5 Epulo 2021, abale anasonkhana kunyumba kwa Hassan, ndipo m'nyumba imeneyo ndi mmene Hamzah anasainira kalata yolonjeza kukhala wokhulupirika kwa mkulu wake, m'bale wa bambo ake uja ali pomwepo.